Ndalama za fodya zithere pa ulendo wa ku Zambia?



Ndine mayi wa zaka 31, ndimakhala ku Mtunthama m'boma la Kasungu. Ndili pabanja ndipo tili ndi ana atatu, wamkulu ali Sitandade 6, wamng'ono ali ndi zaka ziwiri. Timasunganso mwana wa achemwali anga. Ntchito yathu ndi ulimi wa fodya wa bale.

Amuna anga ndi munthu wabwino. Samwa mowa, za zibwenzi sindidamvepo, koma matenda awo ndi galimoto. Chaka chatha titagulitsa fodya ku Chinkhoma adagula Toyota Hilux yogwirapo kale ntchito kwa munthu wina wa ku Lilongwe. Chigulireni, Loweruka lililonse amakhala ali pansi pa galimotoyo. Agula marimu, agula masipika, agula magetsi owonjezera, moti ana amachita kunena kuti galimotoyo ndiye mwana woyamba pakhomo pano.

Tsopano akuti msika wa fodya ukatha mu Ogasiti, banja lonse tinyamuke ulendo wa ku Livingstone ku Zambia kukaona mathithi a Victoria Falls, ati akufuna aiyese galimotoyo pamtunda wautali. Kunena zoona nanenso ndikufuna nditapondako kunja, chibadwire sindidadutsepo boda. Koma mtima wanga sukukhazikika. Ana alibe mapasipoti, bulubuku ya galimoto ikadali m'dzina la amene adatigulitsa, ndipo za feteleza ndi fizi sakuzitchula n'komwe. Ndikafunsa amangoti, "Akazi inu za galimoto mudziwapo chiyani?"

Kodi ndikane ulendowu kapena ndingovomera kuti pakhomo pakhale mtendere? Ndithandizeni.

Mayi wa nkhawa,
Mtunthama, Kasungu.

Zikomo mwana wanga pondilembera.

Poyamba ndikuuze kuti amuna ako aganiza chinthu chabwino. Abambo ambiri ndalama za fodya zikalowa amasowa pakhomo, amakatulukira ku Kasungu boma kapena ku Lilongwe, n'kubwerako m'thumba muli mbee. Ako akufuna kuyenda ndi iwe pamodzi ndi ana. Chimenecho usachipeputse, ndipo ukamakamba nawo uyambire pomwepo, powayamikira.

Koma nkhawa yakonso ndi yoona. Vuto lili apa: amuna ako akukonza ulendo wa galimoto, pomwe iwe ukuganiza za ulendo wa banja. Galimoto ntchito yake n'kunyamula anthu basi. Choncho yankho langa ndi lakuti usakane, koma usavomerenso m'chimbulimbuli. Vomera ulendo umene mwaukonza awiri, papepala, ndalama za munda ndi sukulu zitapatulidwa kale.

Tiyambe ndi ndalama

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndalama ya ulendo ndi imene yatsala mutachotsa zonse zofunika. Imene mukuyembekeza kuti mabelo otsala abweretsa musaiwerengere. Khalani pansi madzulo ana atagona, mulembe: ngongole ya kukampani ngati muli pakontirakiti, malipiro a antchito a pamunda, laisensi ya fodya ya chaka chamawa, mbewu ndi zofunika ku nazale, feteleza, fizi ndi mayunifomu a ana poti sukulu zimatsegulira mu Sepitembala, komanso chimanga chofika nacho mu Malichi. Zimenezi zigulidwe kapena ndalama yake ikhale kubanki musadanyamuke. Feteleza ngati n'kotheka mugule ndithu aunjikidwe m'nyumba. Sitidaiwale kuti mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene adasunga ndalama m'malo mwa matumba a feteleza adalira.

Mukatero muwerengere mtunda. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo kuchoka ku Lusaka kukafika ku Livingstone ndi ena pafupifupi 480. Kupita ndi kubwera ndi makilomita oposa 2,000, osawerengera a kuno kwathu kuchoka ku Mtunthama kukafika pa boda. Tiyerekeze kuti galimoto yanu imayenda makilomita 10 pa lita imodzi, ndiye kuti mukufunika malita oposa 200. Amuna ako, poti ndi katswiri, akudziwa bwino mmene Hilux yawo imamwera ikalemedwa. Uwapemphe achulukitse okha malitawo ndi mtengo wa mafuta. Nambala imene itulukeyo idzalankhula bwino kuposa iwe.

Pamwamba pa mafuta muikepo malo ogona anthu 6, chakudya, zolipira pa boda, zipata zolipiritsa za pamsewu zonga zathu za pa Chingeni ndi Kalinyeke, zomwe ku Zambia ziliko zambiri, ndi ndalama yolowera kumathithi. Kenaka muike padera ndalama ya mwadzidzidzi imene simuikhudza pokhapokha galimoto itawonongeka kapena mwana atadwala. Dziwaninso kuti ku Zambia ndalama yawo ndi kwacha ngati kwathu kuno, koma kwacha yawo ndi yamphamvu kutalitali. Mtengo ukamveka wochepa m'khutu, muyambe mwautembenuza kaye. Ndalama zakunja mukafunse kubanki nthawi ikadalipo chifukwa sizipezeka tsiku lomwelo, ndipo lisiti lake musunge. Anyamata osintha ndalama pa boda manja awo ndi achangu, mlendo amamuonera patali.

Yambani ndi ulendo waufupi

Kunja sikutanthauza kutali ayi. Kuchoka ku Mtunthama, mukafika ku Kasungu boma n'kutsika ndi msewu wa M1, mutha kukhota kudzera pa Santhe n'kukatulukira pa Kamwendo ku Mchinji osafika ku Lilongwe. Mukadutsa boda ya Mchinji, yomwe anzathu amaitcha Mwami, tauni ya Chipata ili pafupi pomwepo. Mutanyamuka m'mamawa, nsima ya madzulo mukadyera ku Zambia, dzuwa likadalipo.

Ndipotu mwezi umene amuna ako asankhawo ndi wabwino. Loweruka lomaliza la Ogasiti chaka chilichonse kumakhala mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, komwe mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Katete sikukwana makilomita 100. Ana anu, omwe akukulira pakati pa Achewa a ku Kasungu, akaona ndi maso awo kuti mtundu wawo sudathere pa boda. Chiyankhulo sichivuta, kumeneko n'Chinyanja chokhachokha. Kungoti anthu amachuluka zedi, ndiye malo ogona mufunefune msanga, kapena muzigona ku Chipata. Ngati banja lanu silikonda za miyambo, kuchokera ku Chipata komweko kuli msewu wopita ku Mfuwe, kumalo osungirako nyama a South Luangwa.

Ulendo wotere ndi wa masiku atatu kapena anayi. Ukuphunzitsani za pa boda, za apolisi a pamsewu a dziko la eni, ndi mmene ana amakhalira m'galimoto, koma mukadali pafupi ndi kwanu. Zitavuta, m'bale atha kukwera basi n'kukupezani tsiku lomwelo. Ku Livingstone mudzapite chaka china mutadziwa njira. Mathithi sathawa. Ndipo uwauze amuna ako kuti madzi amasefukira kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, kenaka amanka nachepa, moti pofika Okotobala ndi Novembala mbali ya ku Zambia imatsala pafupifupi miyala yokha.

Mapepala a galimoto

Apa mpamene pagona nkhani, ndipo iwe mayi waona chimene katswiri sadaone. Galimoto imene bulubuku yake ili m'dzina la munthu wina, pa boda imakhala ngati si yanu. Akufunsani kalata ya mwiniwake yokulolani kutuluka nayo, ndipo popanda kalatayo mutha kubwerera pomwepo ana akulira. Ulendo ulipo kapena palibe, amuna ako amusake amene adawagulitsa uja apite naye ku Road Traffic akasinthe umwini. Taganiza munthuyo atamwalira kapena atasamuka, mudzatsimikiza bwanji kuti galimotoyo ndi yanu? Chimenechi chichitike sabata ino.

Kupatula bulubuku, pakufunika laisensi yoyendetsera yosatha masiku, COF yosatha masiku, ndi kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba, imene anthu amangoti ya Interpol. Pa boda a MRA amalemba kuti galimoto yatuluka mongoyembekezera, ndipo anzawo a ku Zambia, a ZRA, amapereka chilolezo cha masiku owerengeka choti iyende m'dziko mwawo. Masiku amenewo musapyoze. Kulinso msonkho wa utsi umene amautcha carbon tax ndi zolipira zina za msewu. Mitengo yake imasinthasintha, ndiye mufunse ikatsala milungu yochepa, ndipo chilichonse chimene mwalipira mulandire lisiti chifukwa apolisi kutsogolo amafuna kuliona.

Inshulansi yanu ya kuno siigwira ntchito yokha kunja. Pitani kukampani yanu ya inshulansi mukagule COMESA Yellow Card, imene imakutetezani mukavulaza munthu kapena kuwononga katundu wa ena ku Zambia. Khadi yomweyo imagwiranso ntchito ku Zimbabwe ndi ku Tanzania, koma amene akuganiza zodzera ku Tete adziwe kuti ku Mozambique amagulitsa inshulansi yawoyawo pa boda.

Chabwino n'chakuti kuyambira mu Disembala 2022, pamene atsogoleri a maiko awiriwa adatsegulira nyumba zatsopano pa boda ya Mchinji ndi Mwami, zonse zimachitikira malo amodzi. Munthu suimanso kawiri ngati kale. Komabe mufikepo kukadali masana. Mapepala onse muwachite fotokope, ena akhale m'galimoto, ena m'chikwama chako iwe mayi.

Mapepala a ana

Mmalawi safunika viza popita ku Zambia, koma pasipoti ndiyo ikufunika, ndipo aliyense akhale ndi yakeyake, ngakhale wa zaka ziwiriyo. Zolemba ana m'pasipoti ya mayi zidatha. Yambani ndi ziphaso za kubadwa zochokera ku NRB, kenaka mupite ku Immigration. Musadikire Julayi. Mu 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa milungu ingapo ndipo maulendo a anthu ambiri adalephereka. Mapasipoti a anthu 6 ndi ndalama yambiri payokha, ilowe m'mawerengero aja.

Za mwana wa achemwali ako usazitenge mwachizolowezi. Kwathu kuno mwana wa mbale wako ndi wako yemwe, koma wa pa boda sadziwa zimenezo. Kuchokera pamene dziko lino lidakhazikitsa lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu mu 2015, munthu wodutsa ndi mwana wa dzina losiyana ndi lake amafunsidwa mafunso ambiri, ndipo n'zoyenera kutero. Achemwali ako alembe kalata yovomereza, ikhale ndi chidindo cha kwa majisitireti kapena loya, pamodzi ndi fotokope ya chiphaso chawo cha unzika. Zikavuta, kuli bwino mwanayo atsale ndi agogo ake mumubweretsere mphatso, kusiyana n'kukachita manyazi pa boda. Kabuku ka kuchipatala ka mwana aliyense kasatsalenso.

Tsopano ndilankhule nanu akamwini

Ndikudziwa kuti nyuzi ino muiwerenga, mwina mayi aisiya dala pampando wa galimoto. Kukonda galimoto si tchimo. Munthu wosamala galimoto yake ndi amene ndingamukhulupirire kuti anyamule adzukulu anga. Koma marimu onyezimira ndi masipika ogunda sizifikitsa munthu ku Lusaka. Chofikitsa ndi matayala a mano abwino, mabuleki, mashoko, batire ndi injini yosatentha. Ndalama ya magetsi owonjezera ikadagula tayala lachiwiri lapadera.

Galimoto ipite ku sevisi milungu iwiri ulendo usadafike, osati dzulo lake, kuti ngati makaniko waiwala kumanga china chake chionekere kuno. Mukatero muiyese ndi banja lonse. Muli ndi mwayi, msewu wa ku Nkhotakota ukudutsa pakhomo panu. Tsikani nawo kudzera m'nkhalango yosungirako nyama mpaka kunyanja, ana akasambe, mubwerere. Zitunda za kumeneko zikuuzani zoona za mabuleki ndi injini, ndipo mudziwa mwana amene amasanza m'galimoto. Mudzazeko mafuta ponyamuka ndi pobwera kuti mudziwe malita enieni amene ikumwa.

M'galimoto musasowe jeke, sipanala ya matayala, pampu, chingwe chokokera, tochi, lamba wa injini wapadera, oyilo, madzi ndi kabotolo kozimitsira moto. Apolisi a ku Zambia amafuna mathirayango awiri ndi timapepala tonyezimira, toyera kutsogolo, tofiira kumbuyo. Kuyendetsa sikuvuta chifukwa nawonso amayenda kumanzere ngati ife, koma liwiro amalitchera ndi makina, ndipo nambala yachilendo imaoneka msanga. Akakugwirani lipirani mwalamulo mulandire lisiti. Ukali ndi ziphuphu m'dziko la eni zimagonetsa munthu m'chitokosi.

Tsiku limene mudzapite ku Lusaka, mudzakumbukire kuti mukadutsa Petauke ndi Nyimba msewu umalowa m'mapiri okhotakhota cha ku mlatho wa Luangwa, ndipo malo omwetsera mafuta ndi otalikirana. Kumeneko si koyesera liwiro. Muli ndi mathiraki, mabasi, njinga ndi mbuzi, monga momwe zilili pa M1 pathu pano. Usiku musayende. Kuthamanga sikufika.

China n'chakuti mwati akazi sadziwa za galimoto. Nanga bwanji osawaphunzitsa? Pa ulendo wautali dalaivala mmodzi ndi ngozi. Mutadwala malungo ku Katete, banja lanu lidzabwera bwanji? Alipirireni mayi sukulu yoyendetsa galimoto atenge laisensi. Muwaonetse posinthira tayala ndi poonera oyilo. Mukatero mwapeza mnzanu wokamba naye za injini m'nyumba momwemo, ndipo madandaulo a Loweruka aja achepa.

Ana m'galimoto

Muwerenge mipando musadawerenge makilomita. Hilux ya zitseko zinayi ili ndi malo a anthu 5, inu mulipo 6. Kumbuyo kwa pikiapu ndi kwa katundu, si kwa ana, ngakhale mutayala matiresi. Mwana wa zaka ziwiri asakhale pamiyendo pa mayi kutsogolo, chifukwa galimoto ikaima mwadzidzidzi palibe mkono umene ungamugwire. Mufunefune kampando ka ana komangirira kumpando wa kumbuyo, m'masitolo a m'tauni ndi m'kaunjika timapezeka. Aliyense amange lamba. Ngati malo sakukwana, ndiye kuti wina atsale, ndipo zimenezi mukambirane mwachikondi nthawi ikadalipo.

Muziima pakatha maola awiri aliwonse kuti ana awongole miyendo. Tengani madzi akumwa okwanira, Thanzi ORS, panado wa ana, maneti a udzudzu ndi zovala zamphepo poti m'mawa wa Ogasiti kumazizirabe. Kamba wa panjira mukonze kunyumba: mtedza wokazinga, mbatata yophika, mandasi. Mwana asatsale yekha m'galimoto yotseka ngakhale kwa mphindi zochepa. Pamalo a chikhamu ngati ku Mkaika, mwana aliyense akhale ndi kapepala m'thumba kolembapo dzina lake ndi nambala ya foni imene ikugwira kumeneko. Mutha kugula simukhadi ya Airtel kapena MTN ya ku Zambia poonetsa pasipoti.

Pakhomo pasatsale pokha. Musiye munthu wodalirika woyang'anira ziweto ndi nkhokwe, ndipo mbale mmodzi adziwe njira imene mukudzera ndi tsiku lobwera. Zolengeza pa Facebook kuti banja lonse lachoka, dikirani mudzaike zithunzi mutabwerako.

Mmene ungayambire nkhaniyi

Mwana wanga, usayambe ndi mawu akuti "sindikufuna". Sankha nthawi imene amuna ako akhuta ndipo mtima uli m'malo, uwauze kuti, "Bambo a ana, ulendo uja ndaukonda, tiyeni tiukonze." Tenga kope ndi cholembera. Iwo alembe za galimoto ndi njira, iwe ulembe za ndalama, mapasipoti ndi ana. Mwamuna wokonda galimoto ukamufunsa za malita ndi makilomita amamasuka yekha, ndipo pofotokozapo mpamene adzaone kuti thumba likufika pati. Mugwirizane mfundo imodzi yosasinthika: bulubuku, mapasipoti ndi feteleza zikapanda kukonzeka pofika kumapeto kwa Julayi, chaka chino mupita kunyanja ku Nkhotakota, ku Zambia chaka chamawa.

Akakana kumva, n'kumaumirira kuti ndalama ndi zawo, pamenepo nkhani si ya galimotonso. Fodyayo mudalima nonse, udasoka nawo, udasankha nawo m'chigafa. Itana ankhoswe akuthandizeni kukamba za kayendetsedwe ka chuma cha pabanja, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Kwa mabanja ena amene mwagula galimoto chaka chino ndipo mapazi akuyabwa, kaya mukuganiza za ku Mbeya kudzera pa Songwe, kaya ku Tete kudzera pa Dedza kapena Mwanza, ndondomeko ndi yomweyi. Patulani za munda ndi sukulu, konzani mapepala, yesani galimoto pafupi, ndipo dziko lililonse mufunse malamulo ake musadanyamuke, paja safunsa adadya phula.

Tikumanenso Lamulungu likudzali.

Azakhali